Chikonga cha m'mame: kafukufuku wa a Marty Otañez ndi minda ya fodya ya ku Kasungu

Fodya amayamba kuvulaza munthu asanafike n'komwe pa ndudu. Tsamba lake laliwisi lili ndi chikonga, chimene madokotala amati nikotini, ndipo chikongacho chimasungunuka m'madzi n'kudutsa pakhungu kukalowa m'magazi. Kwa Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu chakufupi ndi Nkhamenya, ntchito yothyola fodya wa bale imagwa m'kati mwa dzinja, kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka Malichi. Wothyola amalowa m'munda mame asanakamuke, amayamba ndi masamba a m'munsi, n'kumawapanikiza m'khwapa kapena pachifuwa mpaka mtolo utakwana. Dzuwa likamakwera malaya amakhala atanyowa, manja atada ndi utomoni, thupi litamwa kale chikonga chimene mwini wake sakuchidziwa, ngakhale akhale munthu woti sadasutepo chibadwire.

Matenda amene amatsatira amalembedwa m'mabuku a zachipatala kuti Green Tobacco Sickness, matenda a fodya wamuwisi. Amayamba patapita maola angapo, kawirikawiri madzulo a tsiku lomwelo kapena usiku: nseru, kusanza, chizungulire, mutu kuwawa, kufooka kwa nkhongono, thukuta, m'mimba kupotokola, ndipo kwa ena mtima umagunda mosalongosoka. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu munthu amadzuka, chifukwa chiwindi chimaphwanya chikonga msanga. Kuchira msangaku n'kumene kwabisa matendawa. Odwala ambiri safika kuchipatala, ndipo amene afika amabwera ndi zizindikiro zofanana ndi za malungo, amene nawonso amachuluka m'miyezi yomweyo, kapena za poizoni wa mankhwala opopera, kapenanso za munthu amene wakhalira dzuwa m'mimba muli pululu, pakuti Febuluwale ndi mwezi wa njala.

Mmodzi mwa anthu ophunzira amene athera zaka zambiri pa nkhani ya moyo ndi thanzi la olima fodya m'Malawi ndi a Marty Otañez, mphunzitsi wa pa University of Colorado Denver ku America. Iwowa si dokotala, ndipo ntchito yawo si ya m'labotale. Adaphunzira anthropology, maphunziro ofufuza moyo ndi chikhalidwe cha anthu. Ena adayeza kuchuluka kwa chikonga chimene chimadutsa pakhungu; iwo adalondola funso lina, loti ndani amaima m'munda wonyowawo, n'chiyani chimachititsa kuti nthawi zambiri pakhale mwana, ndipo ndalama ya tsambalo imakathera kwa yani. Kuti ntchito yawo imveke, pafunika kuyamba ndi zimene madokotala adapeza iwo asanafike.

Mmene matendawa adadziwikira

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, amene amatengedwa ngati kholo la maphunziro a matenda a pantchito, adalemba kale za mutu ndi m'mimba zovutitsa anthu ogwira ntchito ya fodya. Koma za m'munda zidadikira mpaka 1970, pamene madokotala awiri a ku Florida, Weizenecker ndi Deal, adafotokoza za matenda ogwira okolola fodya. Mu 1974 Stephen Gehlbach ndi anzake ku North Carolina adawapatsa dzina limene alili nalo lero, ndipo chaka chotsatira adayeza mkodzo wa okolola n'kupezamo kotinini wochuluka mwa anthu osasuta. Kotinini ndi chotsalira cha chikonga chikaphwanyidwa m'chiwindi. Chikonga chenichenicho chimatsika ndi theka m'magazi pa maola awiri okha, pamene kotinini amatenga maola pafupifupi 16, choncho ndiye chizindikiro chimene ofufuza amadalira, kaya m'mkodzo, m'malovu kapena m'magazi. Gulu la a Gehlbach lidaonanso kuti osuta sadwala kwambiri matendawa chifukwa matupi awo adazolowera poizoniyo, ndipo mu 1979 lidasonyeza kuti chovala chosalowa madzi chimachepetsa chikonga cholowa m'thupi.

Kafukufuku wotsata anthu nyengo yonse adachitidwa ndi Thomas Arcury ndi Sara Quandt a pa Wake Forest University. Mu 1999 adatsatira antchito 182 a m'minda ya ku North Carolina, ambiri ochokera ku Mexico, ndipo adapeza kuti mmodzi mwa anayi aliwonse adadwala matendawa nyengoyo isanathe. Chiopsezo chidali chachikulu kwa othyola ndi kwa ogwira ntchito ndi zovala zonyowa. Mu 2005 Robert McKnight ndi Henry Spiller adalemba za ana makamaka. Thupi la mwana ndi lopepuka poyerekeza ndi kukula kwa khungu lake, choncho mlingo umene wamkulu angaupirire umamugwetsa, ndipo mwana alibe kuzolowera kumene osuta ali nako.

Njira zodzitetezera zidadziwika kuchokera m'kafukufuku yemweyu, ndipo si zovuta kuzitchula: kudikira kuti masamba aume, kuvala magolovesi ndi chovala cha pulasitiki, kusintha malaya akanyowa, kusamba ndi sopo pochoka kumunda. Wodwala amafunika kuvula zovala za kumunda, kusamba, kumwa madzi ambiri, ndipo akasanza kwambiri apatsidwe mankhwala oletsa kusanza kapena diripi. Kutchula n'kosavuta, koma kuchita ndi nkhani ina. Fodya wa bale ali ndi chikonga chochuluka kuposa wa fuluu. Ku America bale amadulidwa ndi phesi lomwe kamodzi, pamene kuno amathyoledwa tsamba ndi tsamba, munthu n'kubwerera mumzere womwewo kangapo pa nyengo. Mu Febuluwale mvula imatha kugwa masiku otsatizana, tsamba lakupsa silidikira, ndipo chovala cha pulasitiki pa dzuwa la ku Kasungu chili ndi vuto lakelake la kutentha. Pambuyo pothyola pali kusoka masamba, kupachika mikangala m'chigafa, kusankha, kumanga ndindi ndi kudinda mabelo, ntchito zimene zimadzaza mphuno ndi chifuwa ndi fumbi la fodya mpaka msika utatsegulidwa.

Dothi la Kasungu ndi utenanti

Ulimi wa fodya wogwiritsa ntchito matenanti udafika m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi anzake adatsegula minda m'boma la Lilongwe. Kasungu idadzaza ndi maesiteti pambuyo pa ufulu, makamaka m'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda amene kwawo kudali komweko. Kampani ya General Farming ya pansi pa Press idalima fodya wa fuluu pa malo aakulu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority lidali ndi alimi ake, ndipo nduna ndi akuluakulu a boma adalimbikitsidwa kutenga malo a lizi. Lamulo la Special Crops Act lidatsekera alimi a m'midzi kunja kwa bale, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene khomo lidatsegulidwa. Kuyambira pamenepo zigafa zidamera m'midzi monse, ndipo ngakhale mlimi wa maekala ochepa adayamba kusunga tenanti mmodzi kapena awiri.

Mgwirizano wa utenanti udali wa pakamwa nthawi zambiri. Banja limachokera ku maboma othinana a kummwera monga Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, n'kupatsidwa ndime, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pa ngongole. Pakutha pa nyengo mwini munda amagula fodyayo pa mtengo umene waika yekha, n'kuchotsera ngongole, iye n'kukagulitsa ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Wa tenanti amakhala pachala miyezi isanu ndi inayi kapena khumi, ndipo chaka choipa banja limatsala ndi ngongole yoti likhalirenso chaka china. Pa mgwirizano wotere amene walembedwa ndi bambo, koma ndime imayezedwa molingana ndi manja a banja lonse. Tenanti alibe ndalama yolembera waganyu, choncho ntchito ikapanikiza, mkazi ndi ana ndiwo aganyu ake. Apa ndi pamene matenda a pakhungu amakumanirana ndi nkhani ya malipiro, ndipo apa ndi pamene a Otañez adayambira.

Kuchokera m'minda kupita m'makalata a makampani

A Otañez adayamba kufufuza za antchito a fodya m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene mabungwe a apantchito ankadzuka pambuyo pa ulamuliro wa chipani chimodzi. Adagwira ntchito limodzi ndi bungwe la matenanti la TOTAWUM, limene mizu yake ili ku Nkhotakota, boma loyandikana ndi Kasungu, ndipo kafukufukuyo adawapezetsa digiri ya PhD ku University of California, Irvine. Kuyambira pachiyambi adaona kuti pepala la ku yunivesite silifika kwa tenanti kapena kwa wosuta wa ku Ulaya, choncho adatenga kamera. Kanema wawo wotchedwa Thangata adatuluka mu 2002, dzina lake likukumbutsa ntchito yokakamiza ya m'maesiteti a atsamunda imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Wina wotchedwa Up in Smoke adatsatira mu 2003. M'makanemawa matenanti amadzilankhulira okha za ngongole, njala ndi ana osiya sukulu.

Gawo lachiwiri la ntchito yawo lidachitikira kutali ndi zigafa. Mu 1998 makampani a fodya ku America adagwirizana ndi maboma a zigawo amene adawasumira kuti milandu ithe, ndipo china mwa zogwirizana chidali choti atulutse makalata awo achinsinsi. Masamba mamiliyoni ambiri a makalatawo adaikidwa m'nyumba zosungiramo ku Minnesota ndi ku Guildford ku England, kumene kudali a British American Tobacco, ndipo laibulale ya University of California, San Francisco idawaika pa intaneti. Pa yunivesite imeneyi padali Stanton Glantz, amene adatchuka mu 1994 atalandira bokosi la makalata a kampani ya Brown & Williamson kuchokera kwa munthu wosadziwika. A Otañez adalowa m'gulu la a Glantz, n'kuyamba kufufuza mawu oti Malawi m'mulu wa makalatawo. Munthu amene adakhalapo pansi ndi matenanti tsopano amawerenga zimene akuluakulu a ku London amalemberana za dziko lomwelo.

Pepala loyamba lidatuluka mu 2006 m'magazini ya akatswiri ya Tobacco Control, olemba ake Otañez, Muggli, Hurt ndi Glantz. Lidafotokoza za bungwe la ECLT, lothana ndi ntchito ya ana m'minda ya fodya, limene British American Tobacco idathandiza kukhazikitsa mu Okutobala 2000 ndipo lidayambira ntchito yake m'Malawi. Olembawo adavomereza kuti bungweli lidamanga sukulu, kukumba zitsime ndi kubzala mitengo. Koma adaika manambala awiri pafupi: ndalama za ntchito zoyamba za ECLT zidali madola 2.3 miliyoni pa zaka zinayi, pamene phindu limene makampani amapeza chifukwa cha ntchito ya ana yosalipidwa m'Malawi adaliwerengera kuti lidali pafupifupi madola 40 miliyoni pa zaka zinayi zomwezo. Nambala yachiwiriyi ndi yoyerekeza, ndipo owerenga ayenera kudziwa kuti idachokera ku gulu limene silibisa kuti limatsutsana ndi makampani a fodya. Komabe njira yowerengera idalembedwa poyera kuti aliyense ayitsutse, ndipo makalata amene adagwiritsa ntchito ndi a makampani eni ake.

Mu 2007 a Otañez, Hadii Mamudu ndi a Glantz adalemba za msika. Adati makampani awiri, Limbe Leaf ya pansi pa Universal Corporation ndi Alliance One, amagula gawo lalikulu kwambiri la fodya wa m'Malawi ndipo ali ndi mipando m'magulu olangiza boma, kotero kuti mtengo wa pa okushoni sutuluka m'mpikisano weniweni. Mu 2009 atatu omwewa adasonyeza mmene makampani adagwiritsira ntchito kudalira fodya kwa Malawi ngati chishango pa misonkhano ya bungwe la zaumoyo la WHO, kudzera m'bungwe la alimi la ITGA limene lidakhazikitsidwa mu 1984, Malawi ali mmodzi mwa oyambitsa. Dziko limene kwa zaka zambiri theka kapena kuposerapo la ndalama zake zakunja limachokera ku fodya silidavute kulikopa kuti lilankhule. Pepala la 2011, la a Otañez ndi a Glantz, lidalunjika pa chilengedwe: lidati ntchito zobzala mitengo ndi malipoti okongola a makampani zimaphimba mtengo weniweni wa ulimiwu, umene amalipira ndi nkhalango, dothi ndi matupi a olima.

Nambala imene idazungulira dziko

Mu 2009 bungwe la Plan International, limene lili ndi ntchito zake ku Kasungu, lidatulutsa lipoti lotchedwa Hard Work, Long Hours and Little Pay. Ofufuza adakhala pansi ndi ana 44 ochokera m'maboma a Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba amene adagwirapo ntchito m'minda ya fodya. Anawo adafotokoza za kugwira ntchito mpaka maola 12 patsiku pa malipiro okwana masenti 17 a ku America, za kumenyedwa, za atsikana kugwiriridwa ndi oyang'anira, komanso za mutu, m'mimba, chifuwa ndi kufooka. Lipotilo lidati ana pafupifupi 78,000 amagwira ntchito m'maesiteti a fodya, ena a zaka zisanu zokha. Neal Benowitz, katswiri wa za chikonga wa ku San Francisco, adachenjeza kuti poizoniyu amatha kusokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana.

Chimene nyuzipepala za dziko lonse zidatola ndi nambala imodzi: mwana wa m'munda wa fodya akhoza kukhudzana ndi mamiligalamu 54 a chikonga patsiku, ofanana ndi ndudu 50. Nambalayi ili ndi mbiri yake yoyenera kuidziwa. Kafukufuku wa Plan adali womvetsera ana, osati woyeza magazi awo. Mamiligalamu 54 amachokera ku masamu a ku America: mamililita 100 a mame a pa tsamba la fodya akhoza kukhala ndi mamiligalamu 9 a chikonga, ndipo pa tsiku lachinyezi wantchito akhoza kukhudzana ndi mamililita 600. Kuchulukitsa 9 ndi 6 ndiye 54. A McKnight ndi a Spiller adayerekeza mlingo womwewu ndi ndudu 36. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha mlingo wa chikonga umene munthu wawerengera pa ndudu imodzi. Ndiponso chikonga chogwera pakhungu si chonse chimalowa m'magazi. Kunena izi si kuchepetsa vutolo, pakuti zimene anawo adafotokoza zikugwirizana ndi zizindikiro zimene madokotala adalemba kuyambira 1970. Koma nambala yodabwitsa ikangobwerezedwa popanda kudziwa kumene idachokera, wotsutsa amaigwira n'kukanira nayo nkhani yonse.

Mitengo ndi mankhwala

Pa za nkhalango, nambala yotchuka ndi ya Helmut Geist, katswiri wa jogalafe wa ku Germany. Mu 1999 adawerengera kuti fodya amadya mahekitala pafupifupi 200,000 a nkhalango pa dziko lonse chaka chilichonse, ndipo m'Malawi, pa zaka za 1990 mpaka 1995, pafupifupi magawo 26 pa 100 alionse a nkhalango yotayika adapita chifukwa cha fodya. Mu 2008 a Geist adalemba limodzi ndi a Otañez ndi a John Kapito a bungwe la ogula la CAMA za mmene msika wa kunja umasinthira kagwiritsidwe ntchito ka malo m'Malawi. Fodya wa fuluu amadya nkhuni usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata pa balani iliyonse yodzaza. Wa bale amauma ndi mphepo, ndipo ambiri amaganiza kuti alibe mlandu, koma chigafa chimafuna mphanda, mitanda, timitengo ndi udzu, chiswe n'kumazidya kotero kuti pakapita zaka zochepa kumangidwa china. M'zigwa za Kasungu mitengo yachilengedwe ya mombo ndi mtondo yatsala yochuluka m'malo otetezedwa monga nkhalango ya Chimaliro ndi paki ya Kasungu. Yankho limene alangizi akhala akuphunzitsa ndi zigafa zamoyo, zimene mizati yake ndi mitengo yobzalidwa m'mizere kuti isadulidwe.

Mankhwala amayamba kunazale. Mabedi a fodya amafesedwa chilimwe, mvula isanagwe, choncho amakhala m'mphepete mwa dambo kapena mtsinje, pomwe anthu amatunganso madzi ndi kumwetsa ziweto. Kwa zaka zambiri dothi la nazale linkafukizidwa ndi methyl bromide, mpweya wakupha umene umawononganso ozoni kumwamba, ndipo Malawi adausiya mu 2004 potsatira pangano la Montreal. Mankhwala ophera nsabwe za m'masamba, mbozi ndi tinyongolotsi ta m'mizu, ndi ena oletsa mphukira akadula nsonga, akadalipo. Ena mwa iwo ndi a gulu la organophosphate, amene poizoni wake amafanana ndi wa chikonga pa kusanza ndi chizungulire koma ndi woopsa kwambiri, amatulutsa dovu, amachepetsa mwana wa diso, ndipo amafuna jakisoni wa atropine. Lamulo la Pesticides Act la 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira kalowedwe ndi kagulitsidwe ka mankhwalawa. Mu 2020 akatswiri atatu a Chimalawi, Ishmael Kosamu, Chikumbusko Kaonga ndi Wells Utembe, adasonkhanitsa zimene zidalembedwa pa nkhaniyi n'kusonyeza kuti malamulo alipo koma kuwatsata n'kofooka, mankhwala osaloledwa amapezeka pa msika, ndipo alimi ambiri amapopera opanda zodzitetezera. Aliyense amene wayendapo pa msika wa m'mudzi amadziwa timabotolo topanda chizindikiro timene timagulitsidwa pambali pa mbewu za masamba.

Kumene kafukufuku adakathera

Zolembedwa za akatswiri zimayenda pang'onopang'ono, koma zimafika. Mu 2012 boma lidatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zoletsedwa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo ntchito zina za fodya zili m'menemo. Chaka chomwecho lidavomereza ulimi wa kontirakiti wa IPS, umene makampani amati umawalola kudziwa mlimi aliyense, kumutumizira mlangizi, kumupatsa zovala zodzitetezera ndi kumuchotsa akapezeka ndi ana m'munda. Mu 2015 bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo lidatulutsa lipoti la utenanti losonyeza kuti ngongole ndi malipiro ochepa zidakalipo. Mu 2018 Human Rights Watch idapeza zizindikiro zomwezi za chikonga mwa ana ndi akulu a m'minda ya ku Zimbabwe, ndipo nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain idatumiza mtolankhani wake Sarah Boseley ku Kasungu.

Pa 1 Novembala 2019 a kasitomu a ku America adalamula kuti fodya wa m'Malawi azigwidwa pa doko pokhapokha mwini wake atasonyeza kuti sadalimidwe ndi ntchito yokakamiza kapena ya ana. Mu 2020 chiletsocho chidachotsedwa kwa Alliance One ndi Limbe Leaf atapereka umboni wa ndondomeko zawo. Kumapeto kwa chaka chomwecho maloya a Leigh Day adasumira British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo, amene chiwerengero chawo chidapitirira 7,000. Mwa madandaulo awo muli kugwira fodya ndi mankhwala opanda chitetezo. Makampaniwo amakana mlanduwo, ponena kuti sagula kwa alimiwo mwachindunji ndipo ali ndi malamulo oletsa ntchito ya ana, koma mu Juni 2021 woweruza adakana pempho lawo loti mlandu uthetsedwe usanamvedwe. Mu 2021 momwemo Nyumba ya Malamulo ya Malawi idasintha lamulo la Employment Act n'kuletsa utenanti. Kuletsa papepala sikuchotsa chimene chidabala utenanti, chomwe ndi mlimi wopanda ndalama yolipira wantchito mwezi ndi mwezi fodya asanagulitsidwe, ndipo alimi a mabungwe monga TAMA ali ndi mfundo yomveka akamati mtengo wa pa msika ndiwo ungalipire malipiro oterowo.

Sikungakhale kolondola kunena kuti zonsezi zidachitika chifukwa cha munthu mmodzi. Mabungwe a matenanti, ansembe, atolankhani ndi maloya aliyense adasenza gawo lake. Chimene a Otañez adawonjezera ndi kulumikiza zinthu zimene kale zinkakambidwa padera, matenda kwa madokotala, mitengo kwa a zankhalango, ana kwa a zamaphunziro, mitengo ya pa okushoni kwa a zachuma, n'kusonyeza ndi makalata a makampani kuti zonsezi zimachokera ku kagulidwe kamodzi ka tsamba. Atakhazikika ku Denver adapitiriza kuphunzitsa ophunzira kupanga makanema aafupi ofotokoza nkhani za thanzi, ndipo chigawo cha Colorado chitalola malonda a chamba mu 2014, adatembenukira kwa antchito a m'nyumba zolimiramo chambacho, kufufuza za nkhungu, mankhwala ndi ufulu wawo wolowa m'mabungwe. Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi, amene mu 2020 adakhazikitsa lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, mbewu imene ena amaiona ngati yolowa m'malo mwa fodya.

Mu Ogasiti 2023 Malawi adavomereza pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya la FCTC, patapita zaka 20 chikhazikitsireni, ndipo lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Novembala chaka chomwecho. Kwa alimi a kwa Chisemphere ndime ziwiri ndizo zofunika. Ndime 17 imalamula boma kuthandiza olima ndi ogwira ntchito ya fodya kupeza njira zina zopezera ndalama, zimene ku Kasungu zikutanthauza makamaka soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Ndime 18 imalamula kuteteza chilengedwe ndi thanzi la anthu pa ulimi wa fodya, kuphatikizapo chikonga cha pakhungu, mankhwala opopera ndi kudula mitengo. Dziko lililonse lolowa m'panganoli limayenera kupereka lipoti zaka ziwiri zilizonse lofotokoza zimene lachita pa ndime zimenezi.